Lekani kutinamiza za Fischer

Tatopa nayo nkhani yakuti mu 1972 ku Reykjavik, Bobby Fischer atagonjetsa Boris Spassky, ndiye kuti ufulu unagonjetsa cikomyunizimu. Iyayi, anzathu. Apo panali maboma awili akulimbana pa bolodi la chess, osewela ali ngati ma pawn cabe.

Soviet Union inasunga ukatswili wa dziko lonse kuyambila 1948, ndipo boma linali kulipila osewela monga anchito ake. Ukaluza, uzaciona. Mark Taimanov atadyedwa 6-0 ndi Fischer mu 1971, anamulanda malipilo, kumuletsa kupita kunja, ngakhale kuliza piyano pa makonsati. Viktor Korchnoi atathawa mu 1976, mkazi wake ndi mwana anawakaniza kutuluka m'dzikomo, mwanayo mpaka analowa m'ndende.

Nanga America? Henry Kissinger mwiniwake anatumila foni Fischer kumunyengelela kuti asewele. Koma mu 1992, Fischer atasewelanso ndi Spassky ku Yugoslavia mophwanya ziletso, boma lomwelo linafuna kum'manga. Anam'gwila ku Japan mu 2004, ndipo anakafela ku Iceland mu 2008, osapondanso kwao.