Loko wachiwiri ndi wabwino, nanga kiyi akatayika?

Ine ndine wamalonda pa msika wa Nkhata Bay, ndimagulitsa usipa ndi batala wowamba, ndipo za makompyuta sindinapite nazo patali. Koma zomwe zamuonekera mwana wa mchemwali wanga mwezi wathawu zandigwiritsa cholembera, poti mwina alipo makolo ena amene akugona tulo osadziwa kuti sukulu yonse ya mwana wao yapachikika pa kafoni kamodzi.

Mtsikanayu ali chaka chachitatu pa yunivesite ina m'dziko muno, ndipo pa holide amandithandiza pa benchi. Kusukulu kwao anawauza kuti polowa mu akaunti ya wophunzira, momwe amalembetsera maphunziro ndi kuonera zotsatira za mayeso, mawu achinsinsi okha sakukwaniranso, pakufunika loko wachiwiri. Anandionetsa m'mene zimakhalira. Umaika pa foni kapulogalamu konga Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator, kenaka umalozetsa kamera pa kachizindikiro ka timabokosi takuda komwe kaoneka pa kompyuta, basi foni ndi akaunti zagwirizana. Kuyambira pamenepo foniyo imatulutsa manambala 6 omwe amasintha pa masekondi 30 alionse. Chinandidabwitsa n'chakuti manambalawo amabwerabe ngakhale bandulo itatha kapena netiweki itathawa, chifukwa foni imawawerengera yokha kuchokera pa wotchi yake ndi chinsinsi chomwe inatenga pa kachizindikiro kaja. Ndiye wotchi ya foni ikasokonekera, manambala nawo amakanidwa.

Ndisabise, nzeru imeneyi ndaigomera. Ife a pamsika akuba a pa foni tikuwadziwa bwino. Ndani mwa inu sanalandirepo uthenga woti "ndatumiza ndalama molakwitsa, chonde bwezani", kapena foni ya munthu wa mawu aulemu wofunsa nambala yanu yachinsinsi? Pamene bungwe la MACRA linalamula mu 2018 kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, tinkati akathyali amenewa atha, koma mpaka lero akudyabe thukuta la amayi ogulitsa tomato. Nambala yobwera pa uthenga wa SMS imapita kwa aliyense amene wagwira simu khadi yanu, pomwe ya m'kapulogalamu kaja simu khadi ilibe nayo ntchito. Komanso tisaiwale kuti mu February 2024 yemwe anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalowerera makina opangira mapasipoti ndipo zikufuna dipo. Ngati zinafika pamenepo, kuli bwanji akaunti ya mwana amene mawu ake achinsinsi ndi dzina la chibwenzi ndi chaka chobadwa?

Tsono vuto langa lili apa. Tsiku lomwe sitima ya Ilala inafika kuchokera ku Likoma, ndinamutuma mtsikanayu kudoko kukalandira matumba a usipa. Amene mukudziwa piringupiringu wa tsiku la Ilala simufunsa kuti foni inapita bwanji. Anabwera maso ali psuu. Ine ndinati, "Usalire mphwanga, foni ndi chinthu chogula." Iye akuti, "Amalume, si foni ayi, ndatsekeredwa kunja kwa sukulu, ndipo kulembetsa kutsekedwa Lachisanu."

Simu khadi anaibwezeretsa m'mawa mwake atangoonetsa chiphaso cha unzika. Koma manambala aja sakhala mu simu khadi, anapita ndi foni. Mawu achinsinsi akuwakumbukira bwinobwino, chitseko ayi ndithu. Nanga manambala apadera omwe amapatsidwa poyamba kuti udzagwiritse ntchito foni ikatayika? Anawajambula n'kuwasunga m'foni momwemo! Apa ndiye ndinamukalipira, chifukwa n'chimodzimodzi kusunga kiyi wapadera m'nyumba yomwe waikhoma.

Tinaimba foni ku ofesi ya sukulu masiku awiri, palibe woyankha. Mnzake anatiuza kuti madandaulo otere amafuna ulembe kalata kuchokera pa imelo ya sukulu. Abale inu, imelo yomwe ili kuseri kwa loko yemweyo? Mapeto ake anayenera kukaonekera yekha ndi ziphaso zake. Ndinatulutsa ndalama ya mpamba kuti akwere minibasi, kupita ndi kubwera, kuphatikizapo chakudya ndi pogona, ndipo ntchito yomwe anakachita kumeneko sinatenge ngakhale mphindi 10. Analembetsa Lachisanu masana. Ndikanakhala kuti sabata imeneyo malonda sanayende, bwenzi pano tikukamba za kubwereza chaka.

Akuluakulu a m'mayunivesite athu, amene anakonza njira imeneyi ankaganiza za wophunzira amene ali ndi foni yakeyake yamakono, magetsi osathima, ndi ofesi yomwe imayankha usiku ndi usana. Wathu kuno si ameneyo. Alipo amene ali ndi kafoni ka mabatani. Alipo obwerekana foni imodzi awiri m'chipinda. Alipo amene fizi ikavuta amaika foni pa pinyolo. Ndipo ndaona ndi maso anga pamsika pano mwana wa sukulu akupempha mnyamata wokonza mafoni kuti amuikire loko ameneyu pa foni ya mnyamatayo, poti yake ndi yosalola. Ndiye kuti kiyi wa maphunziro ake ali m'thumba mwa munthu amene mawa akhoza kusamukira ku Joni. Loko wotere akuteteza yani?

Sindikunena kuti muchotse loko, ayi. Ndikupempha kuti tsiku lomwe mwana akumuika, manambala apadera aja aziwalemba pa pepala inu mukuona, asanachoke pa kompyuta. Amene alibe foni yamakono mumpatse njira ina m'malo momukankhira kwa anyamata a pamsika. Ndipo sabata ya kulembetsa pakhale munthu pa foni amene angathe kutsimikiza kuti woimbayo ndi mwini akaunti. Chiphaso cha unzika tili nacho kuyambira 2017, ndipo mabanki ndi makampani a foni amachikhulupirira. Bwanji mwana wa ku Usisya kapena ku Chizumulu achite kuwoloka nyanja kuti mukangomuona nkhope?

Inunso ophunzira musamangodina "pitirira, pitirira" ngati mukuthamangira nsima. Kuyambira 2023 Google Authenticator imalola kusunga manambala ako mu akaunti ya Google kuti foni ina idzawapeze, koma mphwangayu sanatsegule zimenezo. Ndipo wina akakuimbirani kuti ndi wa ku ofesi ya sukulu, muwerengereni manambala 6 omwe aoneka, dulani foni. Ameneyo ndi yemwe uja wa "ndatumiza molakwitsa", wangosintha malaya.

Mtsikana uja tsopano ali ndi foni yogula kwa munthu, yong'aluka galasi pakona, ndipo akundibweza pang'onopang'ono pokhala pa benchi Loweruka. Manambala ake apadera ndawalemba ndekha kumapeto kwa kope langa la angongole, lomwe ndimagona nalo kumutu.