Mlendo Wampamba Amatsata Chiyani?

M'chaka cha 1996 kampani ya Intel ya ku America, imene imapanga tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta, inalengeza kuti idzamanga fakitale ya madola 300 miliyoni ku Costa Rica. Ambiri anadabwa. Dzikoli, limene lili ku Central America, panthawiyo linali ndi anthu osakwana 4 miliyoni ndipo linkadziwika ndi nthochi ndi khofi. Komatu maiko akuluakulu monga Brazil ndi Mexico analinso pa mndandanda wa Intel. Nanga Costa Rica inapambana bwanji?

Ena amakhulupirira kuti eni mpamba a kunja amakopeka ndi zinthu ziwiri zokha, malipiro otsika ndi kukhululukiridwa msonkho. N'zoona kuti Costa Rica inali ndi lamulo lochotsera msonkho makampani ogulitsa katundu wao kunja. Koma lamulolo linali la kampani iliyonse yokwaniritsa zofunika, silinali mphatso yam'seri ya Intel yokha. Ndipo malipiro otsika akadakhala nyambo yokwanira, bwenzi maiko osaukitsitsa atadzaza ndi mafakitale kalekale.

Chinsinsi chili m'mbiri ya dzikoli. M'chaka cha 1869 malamulo ake aakulu anakhazikitsa kuti maphunziro a pulayimale akhale aulere ndi okakamiza. Mu 1948 mtsogoleri wake, José Figueres Ferrer, anathetsa gulu la nkhondo, ndipo boma linaika mtima pa sukulu ndi zipatala. Pamene nkhondo zinkasakaza Nicaragua, El Salvador ndi Guatemala m'zaka za m'ma 1980, ana a ku Costa Rica anali m'kalasi. Tsono Intel itafika inapeza mtendere, makhoti odalirika ndi anthu ophunzitsika. Sukulu yaukachenjede ya Instituto Tecnológico de Costa Rica inakonzanso maphunziro ake kuti izitulutsa amisiri amene fakitaleyo inkafuna.

Tiyenera kumvetsa mtima wa mwini mpamba. Munthu amene wamanga nyumba ndi kuzikamo makina sangazinyamule usiku umodzi zinthu zikavuta. Chifukwa chake asanatulutse ndalama amayamba wafunsa: Kodi magetsi sazimazima? Kodi katundu wanga adzafika pa doko kapena pa bwalo la ndege m'nthawi yake? Kodi lamulo la lero lidzakhala lomweli boma likasintha? Kodi chikalata chidzatuluka popanda chiphuphu? Kodi ndidzaloledwa kutumiza phindu kwathu? Kodi alipo anyamata ndi atsikana oti nditawaphunzitsa miyezi yochepa angayendetse makina? Dziko lolephera mafunso awa lingachotse msonkho wonse, koma lidzangokopa ofuna kukumba chuma cha pansi ndi kuchoka.

Tisabise kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu 2014 Intel inatseka mbali yolumikiza tizipangizo, anthu pafupifupi 1,500 n'kuchotsedwa ntchito. Inaitsegulanso patapita zaka zingapo, koma mu 2025 inalengeza kuti ikusamutsira ntchitoyo ku Vietnam ndi Malaysia. Komabe luso silinakwere ndege. Makampani opanga zipangizo za m'chipatala monga Boston Scientific ndi Abbott anakhazikika m'dzikomo, ndipo zipangizo zimenezi zinaposa nthochi ndi khofi pa katundu amene Costa Rica imagulitsa kunja.

Maganizo athu ndi akuti dziko lotukuka kumene lisathamangire kupikisana ndi anzake potsitsa msonkho ndi malipiro, pakuti nthawi zonse padzapezeka wina wotsitsa koposa. Liyambe lakonza zimene mlendo sangachoke nazo: magetsi, misewu, chilungamo ndi anthu ophunzira. Inu aphunzitsi, masamu ndi sayansi amene mukuphunzitsa lero ndiwo mwini mpamba adzafunse mawa. Nanunso amene mwangotsiriza sukulu, musanyoze ntchito zaumisiri. Costa Rica inadikira zaka 127 kuchokera pa lamulo la maphunziro aulere kufikira kubwera kwa Intel. Kuona maso a nkhono n'kudekha.