Motoka ya GRZ ikakugundani, adzalipila ndani?

Amayi ndi atate a ku Soweto, City Market, Mandevu, Chawama mpaka ku Kapata ku Chipata, mwagulitsa bwanji lelo? Ikani kaye chenji m'thumba, tikambilane nkhani imene siimveka pa misonkhano ya ndale, koma ikagwa pakhomo panu imatha kapito yonse.

Inu mumadziwa bwino za inshuwalansi ya motoka, ngakhale ambili mulibe motoka. Kanta imene imakubweletselani tomato ndi kabichi usiku, minibasi imene mumakwela 04:00 kupita kukaoda, zonse ziyenela kukhala ndi kapepala ka inshuwalansi pa galasi. Lamulo la Road Traffic Act la 2002, ndime 86, likuti motoka isayende pamsewu popanda inshuwalansi yolipila munthu wina amene yamuvulaza. Akapokola pa roadblock salakwitsa kuyang'ana. Ikapezeka yatha, motoka imagwidwa, ndipo tomato wanu amapsela padzuwa pamene draiva akupempha-pempha. Ndalama ya inshuwalansiyo mwini Kanta amaiika mu mtengo wa thilansipoti. Ndiye kuti olipila ndinu.

Manje funso ndi ili: nanga eni ake lamulo? Malipoti a Auditor General akhala akutchula mobweleza-bweleza makansolo ndi maofesi a boma amene apezeka ndi motoka zosalipilidwa inshuwalansi. Vutoli silinayambe lelo, ladutsa m'maboma angapo. Koma amene ali pa mpando lelo ndiye ali ndi makiyi, ndipo ndiye tiyenela kumufunsa.

Tiyelekeze chabe. Mayi wa salaula akudumpha Lumumba Road m'mamawa, mtolo pamutu. Motoka yamugunda, mwendo wathyoka. Ngati ndi motoka ya munthu wamba yokhala ndi inshuwalansi, njila ilipo: lipoti ya polisi, lipoti ya dokotala, mapepala ku kampani ya inshuwalansi. Amavutitsa, amachedwetsa, ndalama yake nthawi zambili imakhala yochepa, koma pali chitseko chogogoda. Kampani ikachita matama, pali bungwe la PIA limene limayang'anila makampani a inshuwalansi, mungakadandaule kumeneko.

Koma ngati ndi motoka ya nambala ya GRZ yopanda inshuwalansi, chitseko chimenecho kulibe. Boma likapanda kuvomela kulipila lokha, mayi uja ayenela kutengela Attorney General kukhoti, chifukwa ndiye amaimila boma pa milandu. Afune loya. Apite kukhoti lelo, auzidwe kuti bwelani mwezi wamawa. Ngakhale awine, sanafike. Lamulo la State Proceedings Act sililola kutumiza ma bailiff kukatenga katundu wa boma. Inu mukalephela kubweza nkhongole, amabwela kunyamula filiji ndi sofa. Boma likakhala ndi nkhongole yanu, mumapatsidwa pepala ndi kuuzidwa kuti yembekezani. Ndalama zotele zimachokela ku thumba la Compensation Fund, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, ndipo mzele wa oyembekeza kumeneko ndi wautali.

Nanga pa nthawi yonseyo nyumba ikudya chiyani? Wa pamsika alibe sick leave. Tsiku limene simunatsegule thebulo, palibe chalowa. Chilimba chikufuna chopeleka, landilodi akugogoda, wa kaloba akuwelenga masiku. Miyezi itatu pa mphasa ndiyokwana kuti kapito imene munamanga zaka khumi ithele ku unga ndi thilansipoti yopita ku chipatala. Amene munali ku City Market mu July 2017 mukudziwa mmene zimawawila kuona thukuta lonse latha usiku umodzi, popanda pepala lililonse lokubwezelani.

Ena adzati, boma ndi lalikulu, silifunika kugula inshuwalansi, limadzilipilila lokha zikachitika. Mfundo imeneyi si yopusa, tisaname. Amene ali ndi motoka masauzande nthawi zina amasunga ndalama ngati aika pambali thumba lake m'malo molipila makampani chaka ndi chaka. Koma kudzilipilila kumatanthauza kuti ndalamayo ilipodi ndipo imatuluka pa nthawi yake. Ngati wovulala akuyembekeza zaka, kumeneko si kudzilipilila ayi. Ndi kukongola kwa munthu wosauka popanda kumupempha. Chili ngati membala wa chilimba amene amalandila yake, koma ikafika nthawi yopeleka ati "nizakuonani".

Palinso motoka yeniyeniyo. Ambulansi ikagwela m'ngalande ili ndi inshuwalansi yokwana, kampani imakonza kapena kulipila mtengo wake. Ikakhala ilibe, imakokedwa kukaikidwa kuseli kwa ofesi, udzu n'kumela pansi pake, matayala n'kuyamba kusowa limodzi-limodzi. Mwaziona inu nomwe motoka zotele. Kiliniki imakhala yopanda ambulansi mpaka bajeti ina, ndipo yatsopano ikagulidwa, igulidwa ndi msonkho wanu, uja mumalipila pa shuga, pa sopo, pa talktime. Mwalipila kawili.

Tibwele kwa anthu amene amakwela motoka zimenezi. Musaganize za bwana wa V8 chabe. Ganizani za nesi amene akupelekeza mayi wodwala usiku pa Great East Road, kapokola ali kumbuyo kwa Land Cruiser yotsegula, mphunzitsi wonyamula mapepala a mayeso, draiva amene wayendetsa kuyambila m'bandakucha. Ndi ana anu amenewa. Ndi makasitomala anu amene amatenga kapenta pa nkhongole n'kulipila pa month end.

Mudzamva kuti ali ndi NHIMA. Zoona, kuyambila mu 2019 ogwila nchito amadulidwa 1 peresenti, owalemba nchito n'kuwonjezapo 1 peresenti. Koma NHIMA ndi ya chithandizo cha kuchipatala. Sibweza mwendo umene waduka, silipila lendi ya mkazi wamasiye. Thumba limene limalipila ovulala pa nchito ndi la Workers' Compensation, ndipo lamulo lake la 1999 linasiya kunja magulu ngati apolisi, asilikali ndi antchito a boma okhazikika, amene nkhani zawo zimadutsa njila za boma lenilenilo. Njila za boma mukuzidziwa liwilo lake. Funsani aliyense amene anapuma pa nchito. Pamwamba pa izi, draiva akapezeka wolakwa angathe kudulidwa malipilo kuti abweze zowonongeka. Wolakwa ayankhe, inde. Koma kodi amene anatulutsa motoka pageti popanda inshuwalansi, iye amadulidwa chiyani?

Tichenjezenso za mbali ina. Mawu akuti "tilipile inshuwalansi motoka zonse za boma" ndi nyama yonona, ndipo afisi samagona. Tenda yotele ikapelekedwa mumdima, kwa mlamu wa bwana, tidzakhala tasintha chabe dzina la vuto. Boma lili ndi kampani yakeyake, ZSIC, palinso makampani ena ambili. Apikisane poyela, mitengo ionekele. Ndipo inshuwalansi imene ndalama yake sinalipilidwe ndi pepala wamba. Kusaina kontilakiti n'kujambulitsa pa TV sikokwana.

Ndiye zimene tikufuna si zovuta kumva. Choyamba, motoka iliyonse ya boma kapena ya kansolo imene ikuyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yolipila munthu wovulazidwa, kapepala kake kaonekele pa galasi ngati ka Kanta. Chachiwili, ngati boma lasankha kudzilipilila pa motoka zina, lilengeze ndalama imene laika pambali ndi masiku amene wovulala ayenela kukhala atalipilidwa. Chachitatu, nduna ya zachuma iuze Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse kuti motoka za boma ndi zingati, zili ndi inshuwalansi ndi zingati, ndipo anthu amene anawina milandu koma sanalandile ndi angati. Chachinayi, wa nchito wa boma akavulala kapena kufa ali pa nchito, banja lidziwe ofesi imodzi yopitako ndi tsiku lolandila. Chachisanu, mkulu wa ofesi amene walola motoka kuyenda popanda inshuwalansi ayankhe ndi thumba lake.

Pamene tikuyembekeza zimenezi, dzitetezeni. Ngozi ikachitika pafupi ndi thebulo lanu, thandizani wovulala, koma wina ajambule nambala ya motoka ndi foni. Tengani manambala a mboni ziwili. Musalole kuti "tingomvana pompano" ndi ka K200 ka thilansipoti. Pitani ku polisi mutenge lipoti, ndi ya dokotala yomwe. Sungani lisiti iliyonse. Ngati mulibe ya loya, pitani ku Legal Aid Board. Ndipo musagone nayo nkhani, milandu ya kuvulala ili ndi malile a zaka 3.

Ba MP ndi ba kansala akabwela pamsika kudzagwila chanza, alandileni bwino, apatseni pokhala. Ndiye muwalozele motoka imene abwela nayo muwafunse mwaulemu: "Bwana, iyi ikagunda mwana wanga pano, nipite ku ofesi iti, ndipo nizalandila liti?" Mvetselani bwino yankho. Inu levi mumalipila tsiku ndi tsiku popanda kuuzidwa kuti yembekezani. Boma nalo lingakwanitse.