Tidziwe Nkhotakota, Kwawo kwa Mpunga ndi Nsomba

 Ife a kumapiri kuno maso athu anazolowera minda ya tiyi ndi mvula ya chiperoni, ndipo ambiri mwa ife nyanja timangoimva m'kamwa mwa anzathu. Komatu nyanjayo imalowa m'miphika yathu sabata ndi sabata, pakuti usipa ndi utaka umene timagula pamsika sumera m'munda. Tsono popeza m'magulu athu mwayamba kumveka maganizo akuti ndalama za banki mkhonde tiziyesa kukapikula nazo mpunga ndi nsomba ku Nkhotakota, ndaona kuti n'kwabwino tiyambe tadziwa malowo ndi anthu ake. Akulu anati safunsa anadya phula.

Nkhotakota ndi tauni yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi, m'chigawo chapakati. Munthu wochokera kuno amayamba wafika ku Limbe, n'kukwera basi yodzera ku Zalewa, Balaka ndi Salima, ndipo kuchoka pa Salima pamatsalabe makilomita opitirira 100 kulowera kumpoto. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Njanje imene inadutsa pa Khonjeni pano m'chaka cha 1908 inafika ku Salima mu 1935, koma ku Nkhotakota sinafikeko. Dziko lake ndi lachigwa, lotentha, lamchenga ndi madambo. Chakummwera kuli thamanda lalikulu la Chia lolumikizana ndi nyanja, ndipo chakumpoto kuli mtsinje wa Bua, umene nsomba ya mpasa imakwera pokaswa. Pafupi ndi tauni pali akasupe a madzi otentha otchedwa Mawira. Kuzambwe kuli nkhalango yosungira nyama, imene mu 2016 ndi 2017 inalandira njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi kwa anansi athu ku Majete.

Kodi mukudziwa kuti mpunga umene malowa amatchuka nawo uli ndi mbiri ya misozi? Eni dziko anali Achewa, ndipo ufumu wa a Malengachanzi ulipo mpaka lero. Koma m'zaka za m'ma 1840 kunafika Mswahili wina wochokera kugombe la nyanja yamchere, dzina lake Salim bin Abdallah, amene anthu ankamutcha Jumbe. Iyeyu anamanga mudzi wake pa Linga, nakhoma zombo zoyenda ndi mphepo, nayamba malonda a minyanga ya njovu ndi a anthu. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankawasonkhanitsa pagombe, n'kuwaolotsa kutsidya la kum'mawa, ndipo kuchokera kumeneko ankawayendetsa pansi kwa miyezi mpaka ku Kilwa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Ambiri ankafera m'njira. Olemba mbiri amati anthu zikwizikwi ankaoloka pamenepo chaka ndi chaka. Ine ndikamaganiza za nkhaniyi sindiona chiwerengero ayi. Ndimaona mayi amene anapita kudambo kukatunga madzi, nsima ili pamoto, osabwereranso. Ndimaona mwana amene analira mpaka mawu kutha. Ndipo ndi manja a akapolo omwewo amene analima minda yambiri ya mpunga wodyetsa mudzi wa Jumbe ndi anthu a m'maulendo ake.

David Livingstone anafika kumeneko mu 1861, nabweranso mu 1863, ndipo anadandaulira Jumbe kuti aleke malonda oipawo, koma mawu ake anangopita ndi mphepo. Mtengo wa mkuyu umene amati anakhalira pansi pake amauonetsa alendo pafupi ndi mishoni. Ufumu wa a Jumbe unadutsa m'manja mwa anthu anayi. Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wachitatu, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1890 Jumbe womaliza anachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar. Mu 1894 a mpingo wa Anglican anatsegula mishoni yawo, pamene pali tchalitchi cha All Saints ndi chipatala cha St Anne's. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, anaikidwa pomwepo.

Azungu ankalemba dzina la malowa kuti Kota Kota, ndipo ankati ndi umodzi mwa midzi ikuluikulu ya anthu akuda m'chigawo chino cha Africa. Mu 1960 kunachitikira msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress, umene unasankha Dr Kamuzu Banda kukhala mtsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse.

Anthu a ku Nkhotakota lero ndi osakanikirana. Kuli Achewa, Atonga ochokera chakumpoto, Ayao, ndi zidzukulu za Aswahili aja pamodzi ndi za anthu amene anabwera nawo. Asilamu ndi ambiri, ndipo mzikiti ndi tchalitchi zimamvana kuitana kwake m'mawa. Ife a ku Thyolo zimenezi zisatidabwitse, pakuti nafenso ndife Amang'anja, Alomwe amene makolo awo anachoka ku Mozambique nadzagwa m'thangata la m'maesiteti, ndi ena otero, koma timatunga pachitsime chimodzi. Chimene ndikupempha n'chakuti mukafika kumeneko muvale modzilemekeza, ndipo musakayembekeze kuti malonda ayenda bwino Lachisanu masana anthu ali kumapemphero. Nsima yawo kawirikawiri ndi kondowole wa chinangwa. Mwini nyumba akakuikirani, idyani ndi nkhope yowala. Ife timadya makaka ndi kalongonda ndipo sitifuna kuti mlendo atikwinyire mphuno. Mwinanso adzakupatsani nkhungu, ndipo musaganize za nkhungu yathu ya m'mapiri ino: kumeneko nkhungu ndi tizilombo touluka tochokera m'nyanja ngati utsi, timene amakola n'kuumba zitumbuwa za ndiwo.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandikhalitsa pansi kulemba. Malonda a kunyanja ali ndi nyengo zake. Mpunga umatsika mtengo nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni. Koma miyezi yomweyo, mpaka Ogasiti, ndiyo ya mphepo ya mwera, imene imavundula nyanja mwakuti asodzi amatha masiku mabwato ali pamtunda. Usipa amaupha usiku ndi nyali, choncho mwezi ukawala kwambiri umachepa. Kuyambira mu Novembala boma limaletsa makoka ena kuti chambo chiswane. Ndipo m'dzinja usipa suuma bwino pathandala. Mukaulongedza m'thumba uli wachinyontho udzafika ku Khonjeni utachita nguwi, mpamba wa gulu lonse n'kuthera pompo. Mayi wosadziwa zimenezi amafika pagombe ndi ndalama zowerengeka, n'kupeza nsomba kulibe, ogula ali mbwee, ndipo tsiku lililonse limene akudikira akudya mpamba.

Pamenepo ndi pamene pali msampha, amayi anzanga, ndipo sindiuphimba ndi chitenje. M'magombe ambiri a nyanja yathu, osati ku Nkhotakota kokha, muli mchitidwe woti asodzi ena, nsomba zikachepa, amauza mayi kuti ndalama yokha siikwanira, ayambe wagona naye kuti amugulitse. Sikuti asodzi onse ndi otero; ambiri ndi abambo aulemu amene amaika moyo wawo pachiswe usiku wonse kuti ana awo adye. Koma mchitidwewo ulipo, a zaumoyo akhala akuudzudzula kwa zaka zambiri chifukwa umafalitsa kachilombo ka HIV, ndipo umagwira msanga mayi amene ali yekha, wakutali, wokhala ndi ngongole yoti akabweze Loweruka. Amene amaseka mayi wotere sanagonepo pamchenga ndi ndalama za eni zikutha m'mpango. Ine mlandu ndimauika pa gulu limene limatuma munthu mmodzi ulendo wotere pofuna kupulumutsa ndalama ya basi. Pitani atatu kapena anayi. Tengani ndalama ya chakudya ndi malo ogona payokha, yosakhudza mpamba. Ndipo koposa zonse, pezani mayi mnzanu wa konko. Ntchito yofutsa, kuyanika ndi kuwamba nsomba ili m'manja mwa amayi, ndipo kugula kwa iwo nsomba youma kale, ngakhale mtengo utakwererako pang'ono, kumakuchotsani pamzere wolimbirana bwato m'bandakucha. Masiku ano pali lamya za m'manja: mukhoza kufunsa mtengo ndi mmene nyanja ilili musanachoke pakhomo.

Amayi a kumeneko nawonso ali ndi zawo zowawa. Monga ife tinalira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, iwo kumapeto kwa Febuluwale 2024 anaona madzi osefukira akugumula nyumba ndi kukokolola minda, makamaka cha ku Dwangwa kumene kuli minda ya nzimbe, ndipo anthu zikwi zambiri anathawira m'misasa. Chaka chomwecho nyanja inakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba za m'mphepete. Choncho mukamanenerera mtengo, nenererani ngati anthu odziwa kuti winayo nayenso ali ndi fizi ya mwana yoti alipire.

Musapite chimanjamanja. Nandolo wathu, nthochi, mapeyala ndi zinanazi za kumapiri kuno zimakondedwa kunyanja, ndipo thumba limodzi la nandolo likhoza kukulipirirani ulendo wopita. Pobwera, mpunga muugule wosapuntha ngati muli ndi chigayo chodalirika, muuthire m'manja n'kuuluma kuti mumve ngati unauma, ndipo ndowa yoyezera ikhale yanu, yochokera kuno. Alembi a magulu alembe m'kaundula ndalama zimene aliyense wanyamula, mboni ziwiri zisayine, amuna a amayi opitawo auzidwe tsiku lonyamuka ndi lobwera, ndipo ulendo woyamba ukhale wa mwezi wa Juni, mpunga uli mbwee m'makhonde.