Makanika Nayenso Amafuna Masamu

Ena mumati mukalakwa MSCE mudzangokhala amakanika, masamu alibe ntchito. Ine ndikukana.

Pa holide ndimathandiza malume kugalaji. Kunabwera galimoto yomwe hedi yake inapalidwa kwambiri, moti mavalavu amagunda pisitoni. Malume anamata dongo pamwamba pa pisitoni, n'kumanga hedi, kuzunguza injini ndi dzanja, kenako kumasula n'kuyeza pamene valavu yadinda. Pamafunika mpata wa mamilimita 2 kapena kuposerapo. Atayeza m'pamene anasema timaenje toti valavu izilowamo ikamatsika.

Ukasema pang'ono, valavu imapindika. Ukazamitsa, pisitoni imapyapyala n'kubooka ndi moto. Ndalama za mwini galimoto zapita basi.

Ndiye anzanga, sipanala tiikonde, koma piriyodi ya masamu tisamathawe.