Uzani Kamera Chimene Mukufuna

Nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe ikafika, m'mabanja ambiri mumasankhidwa mnyamata kapena mtsikana mmodzi kuti agwire kamera. Ntchito imeneyi si yaing'ono ai. Ukwati suchitika kaŵiri, ndipo agogo amene akhala nafe pamkeka lero mwina chaka cha maŵa sitidzakhala nawo. Zithunzi za tsiku lotere zikaipa, ndiye kuti madzi atayika, saolekanso. Nchifukwa chake mwezi uno tikambirana za tizizindikiro tija tili pa kamera yaing'ono ya digito, timene ambiri amangotilumpha ndi kusiya kamera pa Auto.

Kamera yoyamba ya digito anaipanga ndi Steven Sasson wa kampani ya Kodak ku America m'chaka cha 1975. Inkalemera makilogalamu oposa 3, ndipo kusunga chithunzi chimodzi pa kaseti kunkatenga masekondi 23. Za masiku ano zimaloŵa m'thumba la malaya, komabe nazonso sizidziŵa chimene chili mumtima mwa wojambula. Kamera imangoyeza kuŵala, nisankha zinthu zitatu: kukula kwa kabowo koloŵera kuŵalako, nthaŵi imene kuŵala kuloledwa kuloŵa, ndi mphamvu yolandirira kuŵala imene amaitcha ISO. Pa Auto imachita kulota yokha. Koma pamene palembedwa SCN kapena SCENE, mpamene inu mumaiuza chimene mukufuna.

Chizindikiro cha mutu wa munthu ndicho Portrait. Kamera imakuza kabowo kaja ndi kulunjika pankhope, kotero kuti za kumbuyo zimazimirira pang'ono. Ichi nchoyenera pojambula mkwati kapena agogo. Chizindikiro cha phiri ndicho Landscape: chimaonetsa bwino zakutali, monga munda kapena phiri la Mulanje, ndipo chimazimitsa fulashi. Munthu wothamanga ndiye Sports. Apa kamera imatsegula ndi kutseka msangamsanga, mwina gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, kuti ana osewera mpira kapena amai ovina aoneke bwino osachita chimbuuzi. Duŵa ndilo Macro, lojambulira tinthu tapafupi kwambiri, monga mphete za ukwati.

Usiku sankhani chizindikiro cha munthu ndi nyenyezi kapena mwezi. Kamera imawalitsa fulashi pankhope, nikhalabe yotseguka kanthaŵi kuti nyali za kumbuyo zionekenso. Dzanja likanjenjemera pang'ono pokha, chithunzi chaonongeka. Choncho ikani kamera patebulo, tcherani kawotchi kake ka masekondi 2 kapena 10, ndipo pemphani ojambulidwa kuti asagwedezeke.

Pali vuto lina limene limatigwera kaŵirikaŵiri. Kamera ikaona zoyera zambiri, monga diresi la mkwatibwi, khoma lopaka laimu kapena mchenga wa kunyanja ku Salima, imaganiza kuti kuŵala kwachuluka, nidetsa chithunzi chonse. Diresi limaoneka lotuŵa, ndipo nkhope za anthu zimangoti bii, osazindikirika. Mankhwala ake ndi batani lolembedwa +/-. Likwezeni kufika pa +1, kapena sankhani Beach kapena Snow, pakuti zimenezi zimachita ntchito yomweyo. Dzuŵa likakhala kumbuyo kwa anthu, monga potuluka pakhomo la tchalitchi, yatsani fulashi ngakhale kuli masana, kuti iwalitse nkhope.

Dziŵaninso kuti fulashi ya kamera yaing'ono siifika patali. Imathera pa mamita atatu kapena anai. Kuiwalitsa muli pampando wakumbuyo m'tchalitchi sikuthandiza kanthu, kumangosokoneza mapemphero. Izimitseni, tsamirani khoma kuti dzanja likhazikike, ndipo yambani mwapempha chilolezo kwa akulu a mpingo. Pofuna kukokera chinthu pafupi, gwiritsani ntchito optical zoom, imene imasuntha magalasi enieni. Digital zoom imangodula chithunzi ndi kuchitambasula, ndipo chimataya kukongola kwake. Ngati nkutheka, senderani pafupi ndi miyendo yanu.

Inu achinyamata, musadikire tsiku lenilenilo kuti muyambe kuphunzira. Sabata isanafike mwambo, jambulani mng'ono wanu padzuŵa, pamthunzi ndi m'nyumba, mukusintha zizindikirozi chimodzichimodzi, ndipo muone kusiyana kwake. Kamera ya digito siitha filimu. Choipa mungathe kuchifufuta. Dzadzani batire usiku wake, ndipo onetsetsani kuti khadi losungira zithunzi lili ndi malo okwanira. Mafoni ambiri alinso ndi Portrait ndi Night, choncho phunziro limeneli ndi lanu nonse.

Inu makolo, mwambo ukatha musalole zithunzi kugonera pakhadi. Khadi limatayika ndipo limaonongeka. Sankhani zabwino zoŵerengeka, mukazitsukitse papepala, ndipo kumbuyo kwake mulembe maina a anthu ndi chaka, kuti adzukulu anu adzadziŵe nkhope za makolo awo.