Chenjezo: Msana Ukamapweteka Musadalire Mapilitsi a pa Okala

Msana ukupundula anthu m'makwalala athu. Mapilitsi amene tikuumwera akuwononga impso.

Imani m'mamawa pamsika wa Ndirande kapena wa Bangwe. Bambo wosenza matumba a simenti a makilogalamu 50 afika pa okala atagwira m'chiuno. Agula Indocid ndi Brufen, ameza zonse pamodzi m'mimba mulibe kanthu, n'kubwerera kuganyu. Mawa atero, mwezi wamawa atero. Mayi wokwera chitunda cha ku Chilomoni, chigubu cha malita 20 pamutu, mwana kumbuyo, akuchita zomwezo. Mukafunsa, yankho ndi limodzi: "Ndi nyamakazi."

Ululu wochokera m'chiuno, kudutsa m'thako, kutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi, madokotala amautcha sciatica. Pakati pa mafupa a msana pali timitsamiro tofewa. Kamodzi kakatuluka m'malo mwake, kamapana mtsempha waukulu wopita kumwendo. Mwendo umayaka moto kapena kuchita dzanzi, chikhalirecho vuto lili kumsana.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa msana. Ambiri a sciatica amapeza bwino pakatha masabata 4 mpaka 6, popanda opaleshoni.

Indocid, Brufen ndi Diclofenac amagoneka ululu basi, sabwezera kamtsamiro m'malo. Mukamamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, amayambitsa zilonda za m'mimba. Chimbudzi chikada ngati phula, m'kati mukutuluka magazi. Impso nazo zimafooka mwakachetechete, munthu n'kudzazindikira mapazi ndi nkhope zitatupa. Makina otsuka magazi ndi ochepa m'dziko muno, ndipo wofika pamenepo sabwereranso kuganyu. Lendi imaima, ana amasiya sukulu.

Amayi oyembekezera, okalamba, odwala shuga, BP kapena zilonda za m'mimba, komanso amene ali pa ma ARV, musamwe mapilitsi awa dokotala asanakuuzeni. Ndipo aliyense asaphatikize mitundu iwiri.

Choopsa china ndi ichi. Ululu ukagonekedwa, matenda aakulu amabisala.

Mkodzo ukakanika kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamatuluka osadziwa, musadikire kuche. Pakati pa miyendo pakachita dzanzi, phazi likayamba kukwekwereka, miyendo yonse iwiri ikafooka, thamangirani ku chipatala cha Queens tsiku lomwelo. Mitsempha yapanika kwambiri. Kuchedwa masiku awiri okha kungasiye munthu pachikuku moyo wake wonse.

Msana wopweteka usiku, munthu akuwonda, thupi likutentha, thukuta likunyowetsa zofunda, ukhoza kukhala TB ya msana. Imadya mafupa mpaka kutulutsa linunda ndi kupha miyendo. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo imachizika ikapezeka msanga. Khansa ya khomo la chiberekero ndi ya prostate nazonso zimabwera ndi ululu wa m'chiuno. Mayi amene akutaya magazi mosayembekezereka, kapena bambo wachikulire wovutika kukodza, akayezetse sabata ino. Amene wagwa pa kabaza kapena padenga msana n'kuyamba kupweteka, asayambe ndi kutsina.

Mphini sizifika pamtsempha wopanika. Lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Chithandizo chilipo, ndipo chili pafupi. Tengani buku lanu la kuchipatala, pitani ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena South Lunzu Health Centre. Nenani ululu unayamba liti, ukufika pati, ndipo tchulani mapilitsi onse amene mwamwa. Musabise. Akakupatsani mankhwala, mwani mutadya, kwa masiku okhawo amene anena. Si onse ofunika X-ray, ndipo ofunika opaleshoni ndi ochepa.

Ululu ukapitirira masabata 6, pemphani kalata yokachita mafizo. Akatswiri ake alipo ku Queens ndi ku Kachere Rehabilitation Centre. Adzakuphunzitsani kulimbitsa minofu ya msana ndi ya pamimba, zomwe mungapitirize pamphasa kunyumba osalipira kanthu.

Musagone masiku ambirimbiri, msana umauma. Yendani pang'onopang'ono tsiku lililonse. Thowani ndi nsalu yofunda. Ponyamula katundu, pindani mawondo, katundu akhale pafupi ndi thupi, ndipo musapotoloke naye.

Inu olemba anthu ntchito m'ma hardware, m'zigayo ndi pa zomangamanga, gulani wilibala. Thumba la simenti alinyamule awiri.

Bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira mankhwala, lilowe m'misika yathu. Mapilitsi ogulitsidwa padzuwa, opanda pepala la dokotala, achotsedwe.

Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene wakhala akumeza mapilitsi awa mwezi wathunthu, m'perekezeni kuchipatala mawa m'mawa. Tengani mapaketi ake madokotala akawaone.